Revolver yakale kapena yamakono: yolunjika bwino ndi iti, ndipo ndalama zipite kuti?

Funso lachokera kwa mlimi wa fodya ndi soya wa m'dera la Chulu ku Kasungu. Akuti apolisi anawapatsa chilolezo chogula mfuti yam'manja, ndipo kwa wogulitsa wovomerezeka aonako ma revolver awiri, mfuti zimene zipolopolo zake zimakhala m'mabowo a silinda yozungulira: Smith & Wesson Model 10 yakale imene inagwirapo kale ntchito, ndi Ruger GP100 yatsopano imene mtengo wake ndi wokwera kwambiri. Kunyumba kulinso revolver ya Webley imene malemu bambo awo anasiya. Akuluakulu amawauza kuti mfuti zakale ndiye zinali zenizeni, zamakonozi n'zosalimba. Akufunsa kuti yolunjika bwino ndi iti, ndipo ndi iti imene sadzanong'oneza nayo bondo pa ndalama.

Zikomo Bambo chifukwa cha funso lanu. Ndiyambe ndi mfuti imene mwaitchula pomaliza, chifukwa ndiyo ingakugwetseni m'mavuto msanga kuposa ziwiri zinazo. Chiphaso cha mfuti sichili m'gulu la chuma cha masiye. Munda, ng'ombe ndi nyumba mungagawane pachibale, koma chilolezo chimene boma linapatsa malemu bambo anu chinali chawo okha. Malinga ndi Firearms Act ya 1967, kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chiphaso ndi mlandu, ngakhale mfutiyo itangogona m'sutikesi pansi pa bedi zaka zonsezi. Ngati Webley ija ikadali m'dzina lawo, pitani ku polisi ya Kasungu mukafotokoze, ndipo mutsate zimene akakuuzeni.

Mukakonza za mapepala, Webley muisunge ngati chikumbutso. Musaiwerengere kuti ndiyo mfuti yanu yogwiritsa ntchito. Ndi mfuti ya mbiri, inde. Akuluakulu a asilikali a Britain, kuphatikizapo a King's African Rifles, ankayenda ndi mfuti za mtundu umenewu, zija zimathyoka pakati n'kutaya makoko a zipolopolo onse asanu ndi limodzi nthawi imodzi. Webley Mk VI inayamba kugwira ntchito mu 1915 ndipo imadya zipolopolo za .455 (nambala yotere imasonyeza kunenepa kwa chipolopolo). Pambuyo pake kunabwera zocheperapo za .38, Webley Mk IV ndi mnzake Enfield No. 2 imene asilikali anailandira mu 1932. Vuto ndi zipolopolo. Za .455 n'zosowa ngakhale kumayiko kumene masitolo a mfuti ali mbwee, ndipo .38 ya Webley si .38 Special imene imapezekako kuno. Ndi ina, yotchedwa .38 S&W, ya khoko lalifupi ndi mutu wonenepa pang'ono. Palinso ma Mk VI ambiri amene anthu anawapala kumbuyo kwa silinda kuti azilowa zipolopolo za .45 ACP, zimene mphamvu yake imaposa imene chitsulo cha Webley chinapangidwira. Mfuti yotero ikhoza kuphulikira m'dzanja. Ndipo ngati bambo anasiya kabokosi ka zipolopolo zakalekale, dziwani kuti zambiri za asilikali a nthawi imeneyo zinkasiya mchere mu mpope umene umaitana dzimbiri, ndiponso zina zimachedwa kuphulika kapena kufa kumene. Zimenezo mukapereke ku polisi.

Tsopano ku ziwiri zimene zili kwa wogulitsa. Chaka chimene mfuti inapangidwa sichiuza munthu ngati ilunjika kapena ayi. Model 10 yabwinobwino ndi GP100 yatsopano, mutazitsamiritsa pa thumba la mchenga n'kuomba modekha pa mtunda wa mamita 25, zonse ziwiri zidzaunjika zipolopolo pamalo osaposa chikhatho cha dzanja lanu. Anthu ochepa kwambiri ndi amene angathe kuchita zimenezo ataimirira. Ndiye funso lenileni likhale lakuti, kodi Model 10 imene mwaionayo ikadali yabwinobwino, ndipo pa ziwirizi ndi iti imene manja ndi maso anu angaombe nayo bwino?

Akuluakulu aja sakunama kotheratu. Mfuti za Smith & Wesson ndi Colt za zaka za m'ma 1950 ndi 1960 zinkadutsa m'manja mwa amisiri amene ankapala ndi kusalaza kachitsulo kalikonse kam'kati mpaka katakhala malo ake. Mukakoka trigger (kachitsulo kokoka ndi chala poomba) ya mfuti yotero mumamva ikuyenda myaa, popanda kugwiragwira. Colt Python, imene inatuluka mu 1955, inatchuka chifukwa cha zimenezi. Madandaulo a mfuti zamakono anakula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene Smith & Wesson inayamba kuumba tizitsulo tina tam'kati m'chikombole m'malo motisula, kenako mu 2001 n'kuika kaloko ka kiyi pambali pa mfuti, kamene eni mfuti ambiri sanakakonde. Koma kunena kuti zamakono n'zosalimba, pamenepo ndikukana. Makina a masiku ano amaboola mabowo a silinda ofanana ndendende kuposa mmene dzanja la munthu linkachitira tsiku lililonse, ndipo GP100, imene Ruger inaitulutsa mu 1985, ndi imodzi mwa ma revolver olimba kwambiri amene munthu wamba angagule. Thupi lake ndi chitsulo chimodzi chopanda chitseko cha pambali chomanga ndi masikuluwu, ndipo silinda yake imakhomeka malo atatu. Zakale zimapambana pa kusalala, zamakono pa kupirira.

Pa kulunjika, kusiyana kumene mudzakuone ndi maso kuli pa tizitsulo toyang'anira, kakutsogolo ndi kakumbuyo, timene oomba amati ma sight. Pa Model 10 kakumbuyo ndi kangalande chabe kogobedwa pamwamba pa mfuti, sikasuntha. Kufakitale anakalinganiza ndi chipolopolo cha .38 Special cha mutu wolemera 158 grain (grain ndi muyeso wa kulemera kwa zipolopolo). Mukaikamo chopepuka, monga cha 125 kapena 130 grain, kawirikawiri chimagwera m'munsi mwa pamene mwaloza, ndipo palibe chokhotetsa, mumangophunzira kuloza m'mwamba pang'ono. Kuno kumene munthu sasankha, amangogula zipolopolo zimene zabwera mwezi umenewo, nkhani imeneyi si yaing'ono. Ma GP100 ambiri ali ndi kakumbuyo kosuntha ndi sikuluwu, kumanja, kumanzere, m'mwamba kapena m'munsi, ndipo ndi kokulirapo. Ngati maso ayamba kufuna magalasi powerenga nyuzipepala, mudzakayamikira. GP100 ya mpope wa mainchesi 4 imalemera pafupifupi makilogalamu 1.1, Model 10 imachepera pang'ono pa kilogalamu imodzi, ndipo kulemerako kumathandiza kuti mfuti isadumphe kwambiri. Koma pa trigger, Model 10 yosamalidwa bwino nthawi zambiri imaposa GP100 yongotuluka m'bokosi, ndipo kuphonya kochuluka kwa mfuti yam'manja kumachokera pa chala. Kukoka trigger hamala (kachitsulo ka kumbuyo kamene kamamenya kuti chipolopolo chiphulike) isanakokedwe kumafuna mphamvu ya makilogalamu 5 kapena kuposerapo, pa mfuti yolemera kilogalamu imodzi yokha. Trigger ikamagwiragwira panjira, mpope umapatuka chipolopolo chisanatuluke.

Kutalika kwa mpope ndingokuuzani mwachidule: mainchesi 4. Ya mainchesi 2 imavuta kuomba bwino chifukwa tizitsulo toyang'anira tili pafupipafupi, ya mainchesi 6 ndi ya anthu a mpikisano.

Pamene pafunika nthawi yanu ndi pounika Model 10 ija. Pitani ndi tochi yaing'ono, ndipo ngati muli ndi mnzanu makaniko mubwereke kachipangizo ka timasamba tachitsulo kamene amayezera mpata wa mavavu a injini. Choyamba tsegulani silinda nokha, muone ndi maso kuti mabowo onse asanu ndi limodzi alibe kanthu, ndipo mpope usaloze munthu ngakhale pamenepo.

Silinda ili chotsegula, yang'anani pathupi la mfuti pamene mkono wonyamula silinda umagona. Kuyambira 1957 Smith & Wesson imadinda nambala ya mtundu pamenepo, monga MOD. 10-5. Ngati palibe, mfutiyo ndi yakale kuposa 1957, ya nthawi imene inkangotchedwa Military & Police, ndipo musamaikemo zipolopolo zamphamvu zolembedwa +P. Kenako werengani pambali pa mpope. Pakalembedwa 38 S&W SPECIAL CTG, zili bwino. Pakalembedwa 38 S&W CTG popanda SPECIAL, ndiye kuti ndi ija ya chipolopolo cha Webley, imodzi mwa zambirimbiri zimene zinatumizidwa ku Britain ndi mayiko ake pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Zina mwa zimenezi anthu anaziboola mabowo kuti .38 Special izilowa, koma makoko amatupa kapena kung'ambika ndipo sizilunjika bwino. Isiyeni, ngakhale ioneke yokongola chotani.

Tsekani silinda modekha. Kokani hamala ndi chala chachikulu pang'onopang'ono kwambiri, mukumvetsera. Silinda izizungulira, ndipo muyenera kumva kuti ke, kachitsulo kapansi kakulowa m'kamphako ka silinda, hamala isanafike kumapeto kwa ulendo wake. Chitani zimenezi pa bowo lililonse, kasanu ndi kamodzi. Ngati pa bowo lina hamala yafika kumapeto koma silinda ikufuna kuti muikankhe ndi chala kuti ikhomeke, mfutiyo yatha mkati. Tanthauzo lake n'lakuti bowo silikuyang'anana ndi mpope pa nthawi yoomba, chipolopolo chimakhula m'mphepete polowa, tizidutswa ta mtovu timauluka m'mbali, ndipo chimene chatsala chimapita kumene chafuna. Hamala ili chikokere, ikankheni kumbuyo kwake ndi chala osakhudza trigger. Isagwe. Ikagwa, wina anapalapo mkati mosadziwa, ndipo mfuti imeneyo ndi yoopsa.

Gwirani silinda muiyendetse kutsogolo ndi kumbuyo. Kugwedera kukhale kochepa zedi, kongomveka chabe m'zala. Ndiye kwezani mfuti moyang'ana kuwala muone kampata ka pakati pa silinda ndi mpope. Kayenera kukhala kofanana pamwamba ndi pansi, ndipo kamasamba ka mamilimita 0.10 mpaka 0.20 ndiko kayenera kulowa. Kakakula kwambiri mphamvu ya onga imathawira pamenepo. Unikani ndi tochi pakamwa pa mpope pamene chipolopolo chimalowera, makamaka m'munsi mwake, muone ngati pali mng'alu. Kenako unikani mpope wonse. Mizere yopota yam'kati ioneke yakuthwa kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo. Timaenje ta dzimbiri tapatalipatali mfuti imatha kupirira nato, koma mukaona mthunzi wozungulira ngati mphete pakati pa mpope, dziwani kuti chipolopolo china chinakakamira pamenepo wina n'kuomberapo chachiwiri, ndipo mpope unatupa. Pomaliza onani kumlomo kwenikweni kumene chipolopolo chimatulukira. Kachiphompho kakang'ono pamenepo, kochokera pa kugwa pa simenti, kamaononga kulunjika kuposa utoto wonse wosupuka. Masikuluwu a pambali akakhala otafunikatafunika, munthu wopanda zida zoyenera analowamo.

Utoto wosupuka kumlomo ndi m'mphepete mwa silinda usakuopseni. Ma Model 10 ambiri anali a apolisi ndi alonda, anayenda zaka m'chikwama cha chikopa koma anaombedwa pang'ono, ndipo yotero imakhala yotsika mtengo koma yamoyo mkati. Imene ndimaiopa ine ndi yonyezimira mopitirira msinkhu wake, imene zilembo zake zafufutika m'mphepete chifukwa wina anaipala n'kuipakanso kuti abise dzimbiri. Ndipo ngati nambala ya pansi pa chogwirira yapalidwa kapena sikugwirizana ndi ya pa mapepala, tulukani m'sitolomo. Chimodzimodzi ndi mfuti zimene anthu amanong'oneza kuti zadutsa malire ndipo n'zotchipa. Simudziwa chimene zinachita zisanafike kwa inu, ndipo mlandu wake udzapezeka m'nyumba mwanu.

Pa nkhani ya mtengo, samalani ndi zimene mumawerenga pa intaneti. Ku America mfuti yakale ikhoza kukwera mtengo chifukwa kuli anthu ambiri osonkhanitsa mfuti. Colt itasiya kupanga Python mu 2005, zakalezo zinakwera kwambiri, ndipo itayambanso kuipanga mu 2020 yatsopano inkagulitsidwa madola 1,499 pamene zakale zosamalika zinkaposa pamenepo. Msika wotero kuno kulibe. Wogula wanu ayenera kukhala ndi chilolezo cha apolisi, oterowo ndi ochepa, ndipo kutulutsa mfuti kunja kwa dziko kumafuna mapepala akeake. Choncho musagule mfuti ngati posungira ndalama. Phindu lake ndi zaka zimene idzagwire ntchito osakuvutitsani, ndipo zimenezo zimadalira zipolopolo, masipeya ndi mmisiri. Zili ngati injini ya chigayo: ya Lister yakale imakondedwa chifukwa mmisiri aliyense amaidziwa ndipo sipeya yake imapezeka, pamene injini yapamwamba yosowa sipeya imangokhala mu shedi. N'chifukwa chake Python yakale sindingakulangizeni ngakhale mutaipeza yotchipa. Zam'kati mwake zimafuna dzanja la katswiri wa Colt, ndipo oterowo akuchepa ngakhale kwawo komweko. Model 10 ndi nkhani ina. Kuyambira 1899 zapangidwa zoposa 6 miliyoni, ndipo mmisiri wa mfuti aliyense amene anaphunzira ntchito yake anayamba waitsegulapo.

Chilichonse cha mfuti chimachokera kunja ndipo chimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, bokosi la zipolopolo linakwera pamodzi ndi feteleza. Apa GP100 ili ndi mwayi umodzi weniweni. Mabowo ake ndi a .357 Magnum, ndipo mfuti ya .357 imadyanso .38 Special popanda vuto, ndiye chimene chapezeka pa ziwirizi mungagwiritse ntchito. Model 10 imadya .38 Special yokha. Khoko la .357 analitalikitsa dala mu 1935 kuti lisalowe mu mfuti ya .38, ndipo wina akadzakuuzani kuti angaboole silinda kuti lizilowa, mukaneni. Mwayi wina ndi chitsulo. GP100 zambiri ndi za stainless, chitsulo chosagwira dzimbiri msanga, pamene Model 10 ndi yachitsulo chakuda chimene chimagwira dzimbiri ndi thukuta la m'manja lokha. Nyengo ya dzinja, kuyambira December mpaka March, mfuti yakuda yosiyidwa m'chikwama cha chikopa imatha kutuluka ndi madontho ofiira pa sabata zochepa. Imafuna kupukutidwa ndi kansalu ka mafuta nthawi ndi nthawi, ndipo isagone m'chikopa.

Mwina wogulitsa adzakuonetsaninso Taurus ya ku Brazil, yatsopano koma yotsikirapo mtengo. Zilipo zabwino, koma zimasiyana imodzi ndi inzake kuposa za Ruger, ndiye muiunike monga mmene mungaunikire yakale.

Za kugwa pansi, zonse ziwiri n'zotetezeka. Ruger ili ndi kachitsulo kamene kamakwera pakati pa hamala ndi msomali woombera pokhapokha trigger itakokedwa mpaka kumapeto, ndipo Smith & Wesson inakonzanso chotchinga hamala chakumapeto kwa nkhondo yachiwiri, msilikali wa pamadzi atafa ndi mfuti imene inagwa n'kulira yokha. Model 10 iliyonse yodindidwa nambala ili nacho, bola wina asanachichotse.

Ndikanakhala inu, ndikanagula Model 10 ngati yapambana mayeso onse aja ndipo wogulitsa wavomera kuti iyesedwe kuomba pamalo ovomerezeka musanamalize kulipira. Ndalama zotsalazo ndikanagulira bokosi lachitsulo lokhoma lomangirira kukhoma, zipolopolo zophunzirira monga mmene chiphaso chanu chikulolera, ndi kulipira munthu wodziwa kuti andiphunzitse. Mlimi amene ali ndi Model 10 ndipo amaiyeserera amalunjika kuposa amene anathera ndalama zonse pa GP100 n'kutsala ndi zipolopolo zisanu ndi chimodzi zimene akuopa kuziononga. Koma ikalephera ngakhale yeso limodzi la silinda, hamala kapena mpope, kapena ngati mulibe munthu wodalirika woti aione nanu, musadzivutitse. Dikirani mugulitse fodya ku Chinkhoma, muonjezere, mutenge GP100, ndipo muziombera .38 Special. Mphamvu ya .357 simukuifuna pa munda pamene nyumba za antchito ndi ana awo zili pafupi, chifukwa imaboola chitseko ndi malata n'kupitirira, ndipo ngakhale chipolopolo cha .38 chophonya chimatha kuuluka kupitirira kilomita.

Popeza muli ku Chulu, ndinenenso ichi. Chiyambire 2022, pamene njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku Kasungu National Park, alimi a m'malire mwa paki aona mavuto enieni, minda kuonongeka ndi anthu kufa. Ndikumvetsa mtima umene munthu amakhala nawo akaona chimanga cha chaka chonse chitapondedwa usiku umodzi. Koma revolver, kaya ya .38 kaya ya .357, siingaimitse njovu. Ingoivulaza n'kuikwiyitsa, ndipo woyamba kupwetekedwa ndi inu kapena mnansi wanu. Ndi mlandunso waukulu, popeza lamulo la nyama zakutchire litakonzedwa mu 2017 chilango chimatha kufika zaka 30 m'ndende. Njovu zikalowa, itanani a National Parks and Wildlife.

Iliyonse imene mugule, kuyeserera kwambiri kungachitike popanda kuononga chipolopolo. Tulutsani zipolopolo zonse muziike m'chipinda china, onaninso mabowo kawiri, lozani kukhoma la njerwa kumene kuseri kwake kulibe munthu, ndipo kokani trigger pang'onopang'ono mukuyang'ana kachitsulo kakutsogolo. Cholinga n'chakuti hamala igwe kachitsuloko kasanagwedezeke. Mphindi khumi zotero kangapo pa sabata zimasintha dzanja. Tsiku loomba zenizeni, kuseri kwa chandamale kukhale mtumbira waukulu wa dothi lopanda miyala, valani magalasi, ndipo tsekani m'makutu, chifukwa makutu oonongeka ndi phokoso la mfuti sachira. Chala cha dzanja lothandizira chisayandikire kampata ka pakati pa silinda ndi mpope, pamenepo pamatuluka moto wotha kung'amba khungu. Mukamaliza, mfuti ibwerere m'bokosi lake yopanda chipolopolo, ndipo kiyi akhale pathupi panu, osati pamwamba pa kabati pamene mwana angakwere pa mpando n'kumufikira.